Nkhalango yanga inali mango: zolemba za ulendo wa ku Salima

Lolemba usiku, Senga Bay

Tafika. Ndikulemba nditakhala pakhonde la nyumba yogona alendo, thukuta lili kamukamu, ndipo udzudzu wandilonjera kale m'miyendo. Tinapangana kunyamuka ku Lilongwe 6 koloko, koma minibasi inatuluka 9 koloko itakwana chifukwa mnzathu wina anaiwala mabatire a GPS, ndiye tinayamba kuzungulira m'mashopu. Tilipo ophunzira khumi ndi awiri, aphunzitsi athu, ndi adalaivala, bambo achikulire amene atiuziratu kuti za mapu alibe nazo ntchito, njira zonse za ku Salima zili m'mutu mwawo.

Amene munayendapo pa M14 mukudziwa mmene zimakhalira. Ndi makilomita ngati 100. Poyamba uli kumtunda kamphepo kakulowa pawindo, kenako msewu umayamba kutsetsereka ndi kukhotakhota, makutu n'kutsekeka, ndipo pofika kumunsi dzuwa la Okutobala limakugwira pakhosi. Chitunda chonsecho tinkakumana ndi njinga za makala zikukwera, munthu akukankha matumba atatu, wina anayi, malaya atamanga m'chiuno. Aphunzitsi anangoti, "Muziwawerenga anthu amenewo. Setilaiti yanu siwaona."

Ndifotokoze chimene ndadzera, poti ngakhale amayi anga amauza anzawo kutchalitchi kuti ndikuphunzira zojambula mapu, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi mapuwo si anajambula kale atsamunda? Kwatsala kuti?" Maphunzirowa ali pawiri. GIS ndi kusunga zinthu mu kompyuta malinga ndi pamene zili: mitsinje payokha, misewu payokha, midzi, mijigo, mtundu wa nthaka, kenako n'kuzisanjikiza kuti ufunse funso, mwachitsanzo lakuti ndi midzi iti imene madzi angaipeze mtsinje ukasefukira. Remote sensing ndiye kuyeza dziko uli patali, makamaka ndi zithunzi za setilaiti. Ine ndagwiritsa ntchito za Sentinel-2, masetilaiti a ku Ulaya. Yoyamba inakwezedwa mu 2015, amayenda makilomita 786 kumwambako, ndipo amajambula malo amodzimodzi masiku asanu aliwonse, dzuwa lisanafike pamutu. Zithunzizo n'zaulere. Ndalama imathera pa bandulo basi, ndipo imatheradi.

Temu yonseyi ndakhala pa QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, ndikuphunzitsa kompyuta kugawa chithunzi cha dera lino m'magulu asanu: madzi, nkhalango, minda, madambo, ndi pomwe pali nyumba. Mapu atuluka okongola moti ndinawaika pa status. Aphunzitsi atawaona anati, "Kukongola ndaona. Nanga ndani wakuuza kuti ndi oona?" Ndiye kompyuta yasankha mwachisawawa malo 30, ndipo ine ndi mnzanga wa ku Mzimba tikuyenera kukaponda paliponse ndi mapazi athu, tikaone ngati chimene mapu akunena ndicho chili pansi.

Nsima ya lero inali ya usipa wofutsa. Ndagona.

Lachiwiri

M'mawa wonse tinali pamchenga kuphunzira kugwira GPS, chisumbu cha Namalenje chili potero kutsogolo kwathu. Kachipangizoka kamafunika kumva masetilaiti osachepera anayi, amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 20,000, kuti kakuuze pamene waima. Ngakhale zitayenda bwino kamaphonyabe ndi mamita atatu mpaka asanu, ndipo ukalowa pansi pa mtengo wa masamba ambiri manambala amayamba kuvinavina. Aphunzitsi akuti ukafika pamalo usathamangire kulemba, uyambe waima, upume, manambala akhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako anatitchera msampha. Anatulutsa mapu akale a pepala, aja a 1:50,000 a ku Department of Surveys, ofiirira m'mphepete ngati anagona m'denga, n'kutiuza kuti tiike kadontho pamene taima pogwiritsa ntchito manambala a pa GPS. Tinayeza ndi rula bwinobwino, koma kadontho kathu kanakagwera kutali, mamita mazana angapo kuchoka pomwe tinali. Tinayamba kulozana zala, wina akuti rula ndi yokhota, wina akuti GPS yafooka batire. Iwo ali phee, akudya mtedza. Atatopa nafe anatiuza kuti tiwerenge tizilembo ta pansi pa pepalalo. Mapu akalewa anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84. Onse awiri ali mu chigawo chimodzi cha UTM (njira yogawira dziko lonse m'zigawo popanga mapu), cha 36 kummwera, koma poyambira kuwerenga n'posiyana. Ukasakaniza ziwirizi osasintha, mjigo umakagwera m'munda mwa eni, malire a nkhalango n'kulowa m'mudzi. Zimenezi tinalemba mayeso chaka chatha ndipo ndinakhoza. Lero ndiye ndazimva.

Madzulo tinayenda m'mbali mwa nyanja kutenga mzere wa pomwe madzi akulekeza. Nyanja ya Malawi nthawi zambiri imakhala pa mamita ngati 474 pamwamba pa nyanja zamchere, koma mu 2024 inakwera kudutsa 476. Pa pepala mamita awiri ndi kanthu kochepa. Pa gombe lathyathyathya ngati lino mamita awiriwo amadya mchenga wonse n'kulowa m'mipanda ya anthu. Zizindikiro zilipobe: mitengo youma imene inafera m'madzi, khoma logumuka theka, masitepe a simenti olowera pansi pa mafunde.

Tinapeza madala ena akusoka ukonde pansi pa kachisakasa. Titapereka moni ndi kufotokoza, anaseka n'kuloza m'madzi ndi singano yawo. "Mukufuna gombe liti, ana anga? La chaka chino kapena limene ndinakulira ine? Thandala langa loyanikapo usipa linali apo pakuwira thovupo." Mnzanga anatsegula laputopu pa bwato lovundikira n'kuwaonetsa zithunzi za Landsat za zaka zosiyanasiyana. Landsat ndi ya ku America, yoyamba inakwera mu 1972, ndipo kuyambira 2008 nkhokwe yake yonse anaitsegula kuti aliyense atenge ulere. Madzi savuta kuwaona pa zithunzi zimenezi, chifukwa amameza kuwala kwa near infrared, kumene maso athu saona koma setilaiti imaona, ndiye nyanja imaoneka bii, mtunda n'kuwala. Tinkasintha chaka, mzere wa gombe n'kusuntha, kulowa, kutuluka. Madalawo anayang'anitsitsa, kenako anayamba kutchula okha zaka zimene madzi anabwera ndi zimene anathawa, tisanawaonetse. Zambiri zinkagwirizana. Aphunzitsi anawonjeza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanjayi inatsika mpaka inasiya kuthira madzi mu Shire. Nthawi imeneyo kunalibe setilaiti iliyonse, nkhaniyi inasungidwa ndi zolemba za anthu ndi pakamwa pa akuluakulu.

Lachitatu

Lero ndiye ndachita manyazi, ndipo ndilemba zonse, olo anzanga aziseka.

Tinakwera njinga zamoto kulowera kumidzi ya kumadzulo kwa nyanja, tili ndi malo khumi oti tiwaone. Awiri oyamba anayenda bwino: mapu akuti munda, pansi munda, mizere youma ndi mapesi. Ndinayamba kuyenda modzitukumula. Malo achitatu mapu anga amati nkhalango, yobiriwira kwambiri. GPS inatilondolera kudutsa pa mjigo, kuseri kwa khola la mbuzi, mpaka inalira kuti tafika. Tinakweza maso. Mango. Mitengo ikuluikulu ya mango yokhudzana nthambi, ana atakwera m'mwamba akugenda osapsa, mayi wina akupeta pansi pake. Mnzanga anakhala pa muzu n'kuyamba kuseka mpaka misozi. "Asisi, nkhalango yanu ija ndi iyi? Njovu zili kuti?"

Kompyuta sinaname, yachita chimene ndinaiuza. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira n'kubweza kwambiri kwa near infrared, kumene maso athu sakuona. Tikachotsa kofiirako pa near infrared n'kugawa ndi zonse ziwiri zitaphatikizidwa, timapeza nambala yotchedwa NDVI, yoyambira pa -1 kulekeza pa 1. Ikayandikira 1 ndiye kuti pamenepo pabiriwira. Ine ndinasankha chithunzi cha chilimwe dala, poganiza kuti nthawi imeneyi minda ndi youma, chobiriwira chilichonse ndi nkhalango. Koma NDVI sidziwa dzina la mtengo. Kwa iyo mango ndi muwanga n'chimodzimodzi.

Malo achisanu anandipweteka kwambiri, komanso ndi amene andisangalatsa kuposa onse. Mapu akuti nkhalango. Pansi ndi munda wa chimanga wosalimidwa, koma muli mitengo ya nsangu italiitali, masamba ali gwaa mwezi uno wa Okutobala pamene china chilichonse chauma. Nsangu ndi mtengo wochita zosemphana ndi anzake: mvula ikayamba umayoyola masamba, chilimwe n'kuphukira. Eni munda, mayi achikulire amene ankasonkhanitsa mapesi, anatiuza kuti mitengoyo anaipeza, anasiya ndi apongozi awo, ndipo nkhwangwa siifika pamenepo. "Pansi pa nsangu chimanga chimabereka ngakhale feteleza wavuta. Mthunzi palibe nthawi ya dzinja, masamba agwa kale asanduka manyowa. Zikhokhombe zakezi ndiye mbuzi zimakanganirana." Ndiye taganizani: ndikanatenga chithunzi cha Febuluwale, pamenepa pakanaoneka munda wa chimanga wopanda mtengo. Cha chilimwe chikuti nkhalango. Zonse ziwiri n'zabodza pang'ono. Chofunika n'kutenga zithunzi za nyengo zonse n'kuona mmene kubiriwirako kukukwerera ndi kutsika chaka chonse, chifukwa nsangu ili ndi kayendedwe kakekake kamene palibe mtengo wina kuno ungakatsanzire.

Kulinso nkhani ya kukula kwa timabokosi. Chithunzi cha setilaiti ndi timabokosi tating'ono toyalidwa ngati mkeka, kalikonse ndi nambala yake. Ka Sentinel-2 ndi mamita 10 mbali zonse, ka Landsat mamita 30. Ekala imodzi imalowa timabokosi ta Sentinel-2 ngati 40, koma ta Landsat tinayi kapena tisanu basi. Tsono minda yathu ndi ya theka la ekala, muli chimanga, nandolo, mtengo wa mango, chulu ndi kanjira. Kabokosi kamodzi kamatenga zonsezo n'kuzisakaniza ngati phala. Njira zambiri zimene timawerenga m'mabuku anazikonzera minda ya mahekitala mazana ya mbewu imodzi, ndipo palibe amene amakuuza zimenezi mpaka utaima wekha pa chulu.

Tsopano za mlandu. Pofunafuna malo achisanu ndi chiwiri tinalowa m'munda wina osaodira aliyense, maso ali pa GPS, ine ndikujambula ndi foni kumpoto, kummawa, kummwera, kumadzulo monga anatiphunzitsira. Tinangomva mawu kumbuyo. "Mukuyeza chiyani m'munda mwanga? Wakutumani ndani?" Bambo wamtali, khasu lili paphewa, nkhope yosaseka. Tinayamba kufotokoza za sukulu, za setilaiti, koma mawu akuti setilaiti anangowonjezera moto. Kalata yotiloleza inali m'chikwama cha aphunzitsi, iwo ali mudzi wina, netiweki palibe. Bamboyo anati, "Tiyeni kwa amfumu, mukafotokoze kumeneko." Tinayenda pambuyo pawo ngati mbuzi zogwidwa m'dimba, ana akutitsatira.

Amfumu tinawapeza pakhonde akusema mpini. Tinakhala pansi, ine ndinafunyulula chitenje changa msangamsanga n'kumanga, tinaomba m'manja. Anamvetsera mbali zonse osadula mawu. Kenako anati, "Ana inu, kusukulu kwanuko sanakuuzeni kuti mlendo amayambira pakhomo, sayambira kumunda? Kuno anthu akabwera ndi timakina toyezera, pakapita miyezi timangoona mpanda wa waya." Sindinawayankhe, chifukwa akunena zoona. Malo a m'mbali mwa nyanja akugulidwa kwambiri, ndipo munthu wa kumudzi akaona mlendo akuponda m'munda mwake ndi kachipangizo m'manja sangaganize za NDVI. Tinapepesa. Kulakwa kunali kwathu, osati kwa bambo aja.

Mtima utatsika, ndinatulutsa chithunzi chosindikiza cha dera lawo, chija cha mitundu yosinthanitsa chimene zomera zimaoneka zofiira. Ndinkaganiza kuti ndivutika kufotokoza. Ayi ndithu. Agogo ena aakazi amene anakhala chapatali anasendera, n'kutembenuza pepalalo kuti nyanja ikhale kumene ilidi, ndipo anayamba kuloza ndi chala: uwu ndi msewu, ili ndi dambo lathu la mpunga, apa ndi pasukulu. Atafika pa kachigamba kofiira kwambiri, kozungulira, anatsitsa mawu. "Apa ndi kumanda."

Ndinayang'ana pa mndandanda wanga. Malo achisanu ndi chitatu anagwera pakatikati pa kachigamba komweko. Mwa malo onse amene mapu anga anati nkhalango lero, amenewa okha ndiwo anali nkhalango yeniyeni, ya mitengo yachilengedwe, yosadulidwa chikhalire. Ndipo ndi okhawo amene sitikanatha kukapondako. Amfumu anati, "Kumeneko simupita. Kuli eni ake. Lembani kuti mitengo ilipo, yaikuluikulu, ndakuuzani ndine." Amene munakulira m'chigawo chapakati mukudziwa chifukwa chake, sindifotokoza zambiri. Pa fomu yathu palibe malo olembapo kuti umboni wachokera kwa amfumu, ndiye ndalemba m'mphepete.

Anatipatsa thobwa tisananyamuke. Bambo a khasu aja ndiwo anatiperekeza mpaka pamsewu, akufunsa ngati setilaitiyo ingaone mbuzi yawo imene inasowa sabata yatha.

Lachinayi

Tinadzuka 4 koloko kupita kumalire a nkhalango ya Thuma, kumapiri a kumadzulo, kumene chitunda chija tinatsika Lolemba chimayambira. Thuma ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1926, ndipo muli njovu, ndiye tinayenda ndi mlonda wa nkhalango ndipo sitinalowe mkati kwenikweni.

Kuno chithunzi cha setilaiti sichinama pa chinthu chimodzi: malire amaoneka ngati wina wadula ndi mpeni. Mbali iyi mitengo, mbali iyo mbee. Ndipo nkhalango ya miombo mwezi uno ndi yokongola zosaneneka. Mitengo ya tsamba ndi mombo yayamba kuphukira mvula isanagwe, masamba anthete ofiira, ena ngati mkuwa, ena ayamba kale kubiriwira. Apa ndiye ndinazindikira kulakwa kwanga kwachiwiri. Chithunzi chimene ndinagwiritsa ntchito chinajambulidwa mitengoyi ili yoyoyoka, NDVI yake ili pansi, ndiye zigawo zina za nkhalango yeniyeni mapu anga anazitcha minda. Mango ndinawakweza kukhala nkhalango, nkhalango ndinaitsitsa kukhala munda. Mnzanga akuti ndikapitiriza chonchi andipatsa unduna.

Malo ena mapu amati madzi, pamwamba pa chitunda. Tinakwera tikudziwa kale kuti dziwe kulibe. Tinapeza lupsa, tchire lopsa kumene, phulusa lakuda likunukabe utsi. Pamalo popsa ndi pakuda ndipo sipabweza near infrared yambiri, ndiye kompyuta inati amenewa ndi madzi. Mthunzi wa phiri umachitanso chimodzimodzi.

Chimene chandikhalira mumtima ndi china. Kunja kwa malire, m'tchire la mudzi, tinapeza uvuni wa makala ukufuka, dothi lake lili lotentha, zitsa zatsopano zili mbwee mozungulira, utomoni ukadali kutuluka. Mwini wake anathawa atamva mapazi, anasiya botolo la madzi ndi patapata mmodzi. Pa chithunzi cha setilaiti malo amenewa akuonekabe obiriwira ndithu, chifukwa wodulayo amasankha mitengo ikuluikulu, ing'onoing'ono ndi mphukira n'kusiya. Nkhalango imatha chonchi, pang'onopang'ono, mkati mwa kabokosi, mtundu wa kabokosiko usanasinthe. Podzafika poti mapu asonyeze kuti pano paphwasuka, matumba anafika kale ku Lilongwe zaka zapitazo, ndipo ena mwa iwo ndinaphikira ine nyemba ku hositelo.

Ndinatenga manambala a uvuniwo, poti ndi ntchito yanga. Pobwerera tinakangana m'minibasi. Wina akuti manambalawo tikapereke kwa oyang'anira nkhalango. Wina akuti ife tadzera sukulu, sitinadzere kugwiritsa anthu. Ine ndinkangoganiza za patapata uja, wong'ambika, womangidwa ndi waya. Aphunzitsi sanagamule. Anangoti kadontho ka pa mapu sikakhala kopanda mwini, ndipo tiziganiza kaye kuti fayilo yathu ikafika m'manja mwa yani. M'lipoti langa ndilemba chigawo chonse kuti mukuotchedwa makala, kadonthoko ndikasunga ndekha. Mwina ndalakwa. Anzanga ena akuti ndalakwa.

Lachisanu

M'mimba munandivuta usiku, ndikuganiza ndi mango osapsa a Lachitatu aja, ndiye lero ndayenda mofooka ndipo ndilemba zochepa.

Tinapita ndi boti cha kumene Linthipe amathira m'nyanja, kummwera kwa Senga Bay, zisumbu za Maleri zikuoneka kutsogolo. Linthipe amachokera kumapiri a ku Dedza, ndipo asanafike kunyanja amalandira mtsinje wa Lilongwe, ndiye dothi lokokoloka m'minda ya kumtunda konseko limadzera pakhomo limeneli. Mwezi uno mtsinje ndi wofooka, madzi ndi oyera. Tinamiza kambale koyera komangirira chingwe kuti tione pamene kasowere m'maso, ndipo kanapita pansi ndithu. Koma aphunzitsi anationetsa chithunzi cha mwezi wa Febuluwale: chimtambo cha matope chofiirira chitatuluka pakamwa pa mtsinje n'kufalikira m'nyanja makilomita angapo. Matope amenewa akakhazikika pa miyala amakwirira ndere zimene mbuna zimadya, ndipo zisumbu za Maleri zili mbali ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi.

Vuto n'lakuti nthawi imene matope achuluka ndi yomwenso mitambo yachuluka, ndipo Sentinel-2 siona kudutsa mtambo. Ukhoza kudikira mwezi wathunthu osapeza chithunzi choyera. Pa madzi osefukira timathawira kwa Sentinel-1, ya radar, imene imaboola mitambo ndipo imajambula ngakhale usiku, koma imeneyo imakuuza pamene pali madzi, osati mtundu wake.

Woyendetsa boti, atamva kuti tikukamba za kuteteza nsomba, anatiuza za ku Mbenji, chisumbu cha kumpoto m'dera la Mfumu Makanjira, kumene usodzi amautseka miyezi ya dzinja mwa lamulo la mafumu kuyambira kalekale, ndipo asodzi amamvera. "Kumeneko kulibe kompyuta, achemwali," anatero akukoka chingwe cha injini. Sindinamutsutse, mseru unali utandigwira.

Magetsi anazima 6 koloko. Ndikulemba pa foni, batire 11 peresenti.

Loweruka

M'mawa tinakhala pansi pa mtengo ndi malaputopu kuwerengera. Umapanga tebulo: kumanzere chimene mapu ananena, pamwamba chimene unapeza pansi, n'kuona kuti zagwirizana kangati. Mwa malo anga 30, tinafika pa 29. Mapu analondola pa 19. Madzi enieni sanaphonye, nyumba anayesetsa, madambo pang'ono. Nkhalango ndiye manyazi: pafupifupi paliponse pamene ndinalemba nkhalango kumidzi panali mango kapena nsangu. Ndikanapereka mapu amenewa ku ofesi osabwera kuno, wina akanalemba lipoti kuti mitengo yachilengedwe ikubwerera m'midzi ya ku Salima, ndipo likanawerengedwa pamsonkhano anthu n'kuomba m'manja.

Aphunzitsi sanandinyoze. Akuti 19 pa 29 pa ulendo woyamba si imfa, ndipo gulu lina linapeza zochepa kuposa pamenepo. Ntchito yanga tsopano ndi kuwonjezera pa mapu gulu lachisanu ndi chimodzi, la minda yokhala ndi mitengo, kutenga zithunzi za miyezi yosiyana m'malo mwa chimodzi, ndi kuphunzitsanso kompyuta ndi malo amene ndapondapo ndekha. Akutinso malo oyesera mapu atsopanowo akhale ena, osati omwewa, apo ayi ndikhala ngati mwana wodzilembera yekha mayeso. Kutanthauza kuti ndibweranso, mwina mu Epulo mvula ikatha, ndipo ndalama ya ulendowo sindikudziwa kuti ichokera kuti. Amalume, ngati mukuwerenga, mwamva.

Tisananyamuke ndinapempha adalaivala kuti tidzere kumudzi kuja. Anang'ung'udza za mafuta koma anakhota, osafunsa njira. Ndinakasiya kwa amfumu chithunzi chosindikiza chija, nditalembapo ndi bolopeni mayina a malo monga agogo aja ananditchulira, ndi tsiku limene chinajambulidwa. Amfumu anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitana mdzukulu wawo kuti akachiike m'Baibulo kuti chisapindike. Kenako anandifunsa ngati ndingadzabweretse china cha zaka za m'mbuyo, cha nthawi imene dambo lawo linali lisanayambe kuuma msanga, chifukwa pali nkhani ina ya malire ndi mudzi woyandikana nawo imene yakhala ikuvuta. Ndinawauza kuti cha Landsat chilipo koma timabokosi take ndi tatikulu, malire a munda sangaoneke. Anati ndibweretsebe, adzaona okha.

Pa Kamuzu Road tinaima kugula chambo chouma ndi malambe. Panopa tikukwera chitunda, minibasi ikulira giya yachiwiri, nsomba zikununkha m'galimoto monse. Njinga za makala ndawerenga 23 kuchokera pamene tinayamba kukwera, ndipo mnzanga wa ku Mzimba wagona paphewa langa, GPS ili m'khosi, sanaizimitse.